KUCHOKA PANSANJA KUPITA PAKANEMA: TIUZENGENSO MLANDU WA OSEŴERA ATHU

Mau Oyamba

Aliyense amene amayenda madzulo m'mbali mwa mtsinje wa Likangala, makamaka cha ku Mpondabwino kumene anthu amachuluka dzuŵa likamaloŵa, adzavomereza kuti Zomba wa lero ndi mzinda woonera kanema. M'tinyumba toonetseramo mafilimu, m'malo ometera tsitsi, ngakhale pakhonde pamene anyamata atatu aunjikana pa foni imodzi, maso a anthu ali pagalasi. Ambiri mwa mafilimu ameneŵa ndi akunja, ena oikidwa mau a Chicheŵa pamwamba ndi anyamata ochenjera pakamwa. Koma nthaŵi zina pagalasipo pamatuluka nkhope yakwathu, ndipo sipapita nthaŵi wina amagamula mlandu: "Aŵa akuchita ngati ali pasiteji." Onse amaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ifenso mau ameneŵa tidaŵanenapo, ndipo tidaŵamva kwa anthu ophunzira bwino. Tanthauzo lake n'lakuti woseŵera amene adakulira m'zisudzo za pansanja adaonongeka kale: amakuwa, amatambasula manja, amatong'ola maso, kotero kuti kanema wa Malaŵi sangakule pokhapokha atapeza anthu atsopano amene sadapondepo pansanja. M'nkhani ino tifuna kuuzenganso mlanduwu, pakuti tikuona kuti udagamulidwa mbali ina isanamvedwe. Ganizo lathu ndi ili: nsanja ya m'Malaŵi idaphunzitsa ana ake zinthu ziŵiri, kukweza ndi kubisa. Choyambacho kamera imachikana, koma chachiŵiricho imachifuna koposa china chilichonse. Amene adzataye nsanja chifukwa cha phokoso lake adzataya pamodzi ndi chuma chimene kanema wathu akuchisoŵa.

Sukulu Yopanda Kamera

Tiyambe ndi kukumbukira kuti wailesi ya kanema idachedwa kufika kuno. Dziko lidalandira ufulu mu 1964, koma Television Malawi idayamba kuulutsa mu Epulo 1999. Kwa zaka pafupifupi 35, tsono, munthu wa luso la zisudzo anali ndi makomo aŵiri okha: nsanja, ndi wailesi ya MBC, kumene maseŵero monga Kapalepale ndi Pamajiga ankamveka m'nyumba zambiri. Du Chisiza Jr, amene adayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987 naonetsa kuti munthu angathe kudya thukuta la zisudzo, adamwalira mu Febuluwale 1999, kutatsala masabata oŵerengeka kuti kanemayo atsegulidwe. Mbadwo wathunthu wa akatswiri udakula, udakhwima, ena mpaka kutsikira kuli chete, usanazoloŵerane ndi kamera.

Mbadwo umenewu unali ndi sukulu zake. Mpikisano wa maseŵero a m'masekondale, wokonzedwa ndi bungwe la aphunzitsi a Chingerezi lotchedwa ATEM, udayamba mu 1969. Ndiko kumene Chisiza adadziŵikira ndi seŵero lake The Deceased's Attack akadali mwana wa sukulu pa HHI ku Blantyre. Gulu la Travelling Theatre la Chancellor College lidabadwa mu 1970, ndipo koleji itasamukira ku Chirunga, kuno ku Zomba, mu 1973, bwalo lake la pamtetete lidasanduka malo oyeserapo maseŵero atsopano asanatengedwe kupita m'masukulu ndi m'maholo a m'maboma. Aphunzitsi monga James Gibbs, Mupa Shumba, David Kerr ndi Chris Kamlongera adasula achinyamata ambiri pabwalo limeneli. Mu 1981 gululi lidapita ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba, kukapanga maseŵero pamodzi ndi anthu a kumudzi, ndipo pambuyo pake lidachita zomwezo m'midzi ya ku Liwonde pa nkhani za umoyo. Ku Blantyre gulu la Kwathu lidaika Chicheŵa pansanja ya anthu olipira pakhomo, ndipo holo zinkadzaza. Tisaiŵalenso kuti ana ambiri adayamba kuimirira pamaso pa gulu m'timaseŵero ta Khirisimasi ndi ta Lachisanu Loyera, atavala nsalu ya amayi awo ngati mkanjo.

Kukweza ndi Kubisa

Phunziro loyamba la mabwalo otere n'lodziŵikiratu. Pamtetete palibe denga lobweza mau. Mphepo yotsika kuphiri imaŵamwaza, ndipo kaŵirikaŵiri chimkuzamau panalibe. Mayi amene wakhala kumapeto, mwana ali kumsana, wabwera kudzaona seŵero lomwelo limene akuona amene ali kutsogolo, ndipo ayenera kumva ndi kupenya. Motero woseŵera adaphunzira kutulutsa mau kuchokera m'mimba, kulozetsa chifuwa kwa anthu ngakhale akulankhula ndi mnzake wa pambali, ndi kukulitsa chizindikiro chilichonse: chisoni chinkafuna manja kumutu, mkwiyo unkafuna phazi kugunda pansi. Tisakutche kupanda luso kumeneku, pakuti kunali kulemekeza munthu wokhala kutali.

Phunziro lachiŵiri silitchulidwa kaŵirikaŵiri. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe la Censorship Board, ndipo seŵero loonetsedwa poyera linkayenera kuŵerengedwa ndi kuvomerezedwa lisanafike pansanja. Kuno ku Zomba kuopsa kwa mau sikunali nthano. Ndende ya Mikuyu ili pafupi, ndipo Jack Mapanje, amene ankatsogolera dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor College, adagwidwa mu Sepitembala 1987 nakhala m'ndendemo mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Komabe woŵerenga wa boma amaŵerenga pepala. Sangafufute chimene sichidalembedwe. Kukhala chete kamphindi munthu asanatchule mau akuti "mfumu", diso loponyedwa kumbali, kuŵerama kopyola muyeso pang'ono mpaka ulemu usanduke chipongwe: zonsezi zinalibe mzere papepala. Pamene seŵero la Steve Chimombo lotchedwa The Rainmaker, losimba za M'bona amene adaphedwa chifukwa cha mphamvu yake yoitana mvula, linkaonetsedwa m'zaka za m'ma 1970, munthu watcheru ankamva nkhani ya makolo ndi khutu limodzi, nkhani ya masiku ake ndi khutu linalo. Woseŵera wabwino wa nthaŵi imeneyo anali wodziŵa kunena chinthu chimodzi ndi pakamwa, china ndi thupi, n'kusiya chachitatu kuti oonerera amalize okha.

Luso limeneli silidachokere kutsidya kwa nyanja. Ndi luso la mkamwini pamaso pa apongozi, la mayi woimba pamtondo nyimbo imene mwamuna wake akuimva koma sangaiyankhe, la nkhoswe yodziŵa kudzudzula mbali zonse ziŵiri popanda kutchula dzina. Makolo adati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Nsanja ya nthaŵi ya chipani chimodzi idangotenga nzeru yakaleyi n'kuinola, chifukwa moyo wa munthu unkadalira pamenepo.

Chimene Kamera Imafuna

Tsono tione chimene chimachitika munthu wophunzira zonsezi akaima pamaso pa kamera. Poyamba, mtunda umatha. Kamera ikayandikira, nkhope yokha imadzaza galasi lonse, ndipo woonerera amakhala pafupi kuposa m'mene mnansi angakhalire pamphasa. Maikolofoni imatola ngakhale kupuma. Chimene chinali chokwanira kwa mayi wa kumapeto uja tsopano chimaoneka ngati kukalipira munthu amene wakhala nawe mbale imodzi.

Kachiŵiri, ndondomeko imasweka. Pansanja woseŵera amayenda ndi munthu wake kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto usiku umodzi. Pojambula filimu amatha kuyamba ndi maliro m'maŵa, ukwati n'kubwera masana, chifukwa zonse zochitikira pamalo amodzi zimajambulidwa pamodzi pofuna kupulumutsa ndalama. Chigawo chimodzi chimabwerezedwa kangapo, ndipo wosankha chimene anthu adzaone ndi munthu wina, wodula ndi kulumikiza zithunzi pakompyuta, woseŵerayo atapita kale kwao.

Kachitatu, ndipo apa ndiye pagona nkhani, gulu palibe. Tiganizire za Izeki ndi Jakobo, ndiye kuti John Nyanga, amene adatisiya mu 2016, ndi Eric Mabedi, amene adamtsatira mu 2021. Amene adaŵaona m'holo yodzaza akudziŵa kuti nthabwala zawo zinali za anthu atatu: aŵiriwo ndi gulu. Izeki ankaponya mau, n'kudikira; phwete la anthu linkadzaza mpatawo, ndipo Jakobo ankadziŵa kamphindi koyenera kuloŵerera phwetelo lisanazime. Nthabwala zomwezo zikajambulidwa popanda gulu, kamera itangoimikidwa patsogolo ngati mlendo wa pampando woyamba, mipata ija imatsala yopanda kanthu. Woonerera pagalasi amamva ngati china chasoŵa, koma sadziŵa kuti chosoŵacho ndi iye mwini.

Pamenepa tikuvomereza kuti odandaula aja sanama. Kukweza kumene kunali ulemu pabwalo kumasanduka phokoso pagalasi. Koma tifunse: mlanduwu ngwa yani? M'zaka zoyamba za kanema wathu maseŵero ambiri ankajambulidwa mofulumira, ndi kamera yoima patali, mau osatoledwa bwino. Woseŵera woikidwa patali, wosatsimikiza kuti akumveka, adzachita chimene akudziŵa. Kumuuza kuti achepetse ndi ntchito ya wotsogolera filimu, ndipo ndi ntchito ya masiku oŵerengeka. Koma kuphunzitsa munthu kukhala ndi kanthu mumtima kamene nkhope ikuyesa kubisa, pamene kamera ikukaona, imeneyo ndi ntchito ya zaka. Ndipo ndiyo ntchito imene nsanja yathu idagwira kale.

Umboni wa Mafilimu

Umboni woyamba tiutenge m'filimu ya Charles Shemu Joyah ya mu 2008, Seasons of a Life. Flora Suya, amene adaphukira m'magulu a zisudzo a ku Blantyre, akuseŵera ngati Sungisa, mtsikana wantchito m'nyumba ya banja lopanda mwana. Bwana wake ampatsa pathupi. Mwanayo atengedwa ndi banja lomwelo. Patapita zaka Sungisa abwera kudzamenyera mwana wake m'khoti. Gawo loyamba la nkhaniyi ndi la munthu wosaloledwa kuyankha. Wantchito amaona zonse, amamva zonse, koma mau ake ndi "inde" basi. Mphamvu ya Suya m'gawoli ili m'zimene sakunena, ndipo kamera ikamuyandikira imapeza munthu amene akuganiza. M'gawo la kukhoti liu la pansanja limabwerera, ndipo pamenepo lili pamalo pake, pakuti khoti nalonso ndi bwalo lolankhulirapo kuti onse amve. Sitidabwa kuti adasankhidwa kupikisana nawo pa mphotho ya Africa Movie Academy Awards mu 2010, ndiponso mu 2013 chifukwa cha The Last Fishing Boat, m'mene ali Abiti Anefa, mkazi wachitatu wa msodzi wa kunyanja, munthu winanso amene moyo wake uli m'zobisika.

Umboni wachiŵiri ndi Joyce Mhango Chavula. Iye adayambira m'maseŵero a kusukulu, nadzera m'magulu angapo, kuphatikizapo Wanna-Do Ensemble Theatre ya Gertrude Kamkwatira, mayi amene adatsogolera Wakhumbata Chisiza atamwalira ndipo iyenso adatisiya mu 2006. Mu 2009 Chavula adayambitsa gulu lake la Rising Choreos, ndipo mu 2016 filimu yake Lilongwe idapambana ngati filimu yabwino koposa ya kummwera kwa Africa pa mphotho za Africa Magic Viewers' Choice ku Nigeria. Apa tikuona mphatso ina ya nsanja. Gulu la zisudzo la m'Malaŵi ndi sukulu ya ntchito zonse: yemweyo amalemba, amaseŵera, amasoka zovala, amakambirana ndi mwini holo, amaŵerenga ndalama za pakhomo. M'dziko lopanda makampani aakulu a mafilimu, anthu odziŵa kusonkhanitsa anzawo ndi kumaliza ntchito ndi ndalama zochepa adachokera kumeneko.

Tikayang'ana kunja kwa malire athu tipeza zomwezo. John Kani wa ku South Africa adasulidwa m'zisudzo za nthaŵi ya tsankho. Pamodzi ndi Athol Fugard ndi Winston Ntshona adapanga Sizwe Banzi Is Dead mu 1972 ndi The Island mu 1973. Iye ndi Ntshona adalandira mphotho ya Tony ku New York mu 1975, ndipo chaka chotsatira adatsekeredwa ku Transkei chifukwa cha seŵero. Achinyamata a ku Mpondabwino amamudziŵa ngati mfumu T'Chaka ya mu Black Panther ya 2018. M'filimu yodzaza ndi phokoso ndi ndewu, nkhalamba imeneyi imaoneka mphindi zoŵerengeka, imalankhula motsitsa m'chiyankhulo chake cha Chixhosa, koma siiŵalika. Ulemerero umenewo adauphunzira m'maholo m'mene apolisi ankakhala kumbuyo akumvetsera.

Nkhani ya Lilime

Pali umboni wina umene umaunika mlanduwu kuchokera mbali ina. Mu 2019 idatuluka filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yosimba za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, ndi njala ya mu 2001 ndi 2002. Woitsogolera, Chiwetel Ejiofor, ndi mwana wa nsanja weniweni: adayambira mu National Youth Theatre ku London, adaloŵa m'kanema ndi Amistad mu 1997, ndipo adalandira mphotho ya Olivier mu 2008 chifukwa choseŵera Othello. M'filimuyi iye ndi Trywell, bambo wa William, ndipo adalimba mtima kuphunzira Chicheŵa. Tikatseka makutu n'kungopenya, tiona bambo weniweni wa kumudzi amene njala yamlanda ulemu pamaso pa ana ake: mapewa, kayendedwe, manyazi osanduka ukali, zonse zilipo. Anthu akunja, oŵerenga mau omasulira pansi pa chithunzi, adakhudzidwa kwambiri. Koma Amalaŵi ambiri atatsegula makutu adamva Chicheŵa chimene mau ake ndi oona koma kamvekedwe kake n'kachilendo, ndipo ena adaseka pamalo olira.

Sitikunena izi pofuna kunyoza munthu amene adalemekeza chiyankhulo chathu pamene akadatha kujambula zonse m'Chingerezi. Tikunena chifukwa chitsanzo chake chikutiululira matenda athu. Lilime la woseŵera limakhwima pamaso pa anthu amene amalankhula chiyankhulocho, amene amaseka ukalakwitsa kamvekedwe ndi kukhala duu ukalasa. Ejiofor Chingerezi chake chidayesedwa motero, Chicheŵa chake ayi. Nanga ife? Mpikisano wa ATEM unali wa Chingerezi, ndipo cholinga chake choyamba chinali kuphunzitsa chiyankhulocho. Oŵeruza ankamvetsera katchulidwe. Maseŵero ambiri a Wakhumbata analinso m'Chingerezi. Ana ambiri adaphunzira kulakatula mizere yoloŵeza pamtima m'chiyankhulo chimene salotamo, salirira maliro, sakanganiramo ndi mkazi. Tikhulupirira kuti kaŵirikaŵiri anthu akamati woseŵera "akuchita ngati ali pasiteji", chimene akumva si kukula kwa mau kokha, koma kuuma kwa Chingerezi choloŵeza. Woseŵera yemweyo akatembenukira ku Chicheŵa mapewa amatsika, maso amadzuka, ndipo mau amayamba kutuluka pa nthaŵi yake. Ngati nsanja idatisiyira chilema, chilemacho ndi chimenechi, ndipo mankhwala ake ali m'manja mwa olemba mafilimu.

Chimene Tingataye

Nkhaniyi ikadakhala ya mbiri chabe tikadaileka apa. Koma sukulu ija ikufooka. French Cultural Centre ya ku Blantyre, imene kwa zaka zambiri inali nyumba ya zisudzo, idatsekedwa mu 2011 ndipo katundu wake adasakazidwa. Maseŵero ambiri a masiku ano amalipiridwa ndi mabungwe ofuna kufalitsa uthenga wa umoyo kapena wa chisankho. Ntchitoyo njabwino, koma uthenga wotere umafuna kuti zonse zinenedwe poyera, ndipo luso la kubisa limafota. Pakali pano mnyamata wa luso safunikanso holo. Amaimika foni pawindo, najambula nthabwala ya mphindi imodzi, naiponya pa Facebook kapena pa TikTok. Ameneyu kamera saiopa, ndipo ena mwa iwo ali ndi mphatso yeniyeni. Chimene sadakumane nacho ndi gulu lamoyo: anthu amene amayamba kutsokomola ukatalikitsa, amene amakuyankha mokweza ukanama, amene uyenera kuŵagwira kwa maola aŵiri popanda wodula zithunzi wokupulumutsa. Chiŵerengero cha okonda pa intaneti chimabwera seŵero litatha. Sichingakuphunzitse kumvetsera uli mkati mwa seŵero. Ndipo woseŵera wosamvetsera, kaya mnzake kaya gulu, kamera imamuulula msanga, pakuti theka la filimu ndi nkhope za anthu amene akumva wina akulankhula.

Mau Omaliza

Chigamulo chathu, tsono, n'chakuti oseŵera ochokera pansanja ali ndi ngongole yaing'ono kwa kamera, koma kanema wa Malaŵi ali ndi ngongole yaikulu kwa iwo. Kwa otsogolera mafilimu tikuti: yandikizani kamera, tolani mau bwino, lembani m'chiyankhulo chimene anthu anu amaganiziramo, ndipo mudzapeza kuti amene mumamuyesa waphokoso amadziŵanso kukhala chete. Kwa oseŵera tikuti: musachite manyazi ndi kumene mudachokera, ndipo muzibwererako, monga amachitira anzanu a maiko ena amene amasiya kamera kwa miyezi kukaimanso pamaso pa anthu.

Kwa oŵerenga athu, amene ambiri mwa inu mumasunga kapena mudzasunga makiyi a maholo ndi a masukulu m'madera akutali, tili ndi pempho laling'ono. Achinyamata akadzagogoda kupempha malo oyeserera seŵero, musafulumire kuŵaŵerengera mtengo wa magetsi. Ndipo tsiku loonetsa likafika, pitani mukakhale kumapeto kwenikweni, kumene mau amavuta kufika. Mukamva zonse, aphunzira phunziro loyamba. Mukamvanso chimene sadanene, dziŵani kuti pakati pawo pali wina amene kamera ikumudikira.